Chigayo cha Amalume Quintino

Isménia ananyamuka ku Moatize m'mamawa, fumbi la malasha lili thoo pa galasi la basi. A ku univesidadi anamutuma kukafufuza ngati thandizo la boma kwa amalonda ang'onoang'ono likutukuladi chigawo cha Tete. Ntchito yake inali yoti afike pa bizinesi iliyonse, afunse kuti yalemba anthu angati, kenako adine batani pa tabuleti kuti makina alembe malo enieni pamene payima bizinesiyo. Zonse zinayenera kutumizidwa pofika Lachisanu, ndipo lipoti lake likawerengedwanso ku boma.

Dzina lomaliza pamndandanda linali la amalume ake, a Quintino a ku Zóbuè, amene anamulera mayi ake atamwalira. Iwo thandizolo anagulira chigayo.

Isménia anachipeza chikulira bwinobwino, amayi ali ndandanda ndi madengu, antchito atatu ali mbuu ndi ufa. Mtima unakhala pansi. Koma atayatsa tabuleti, kadontho ka pamapu kanagwera ku Malawi. Anazimitsa n'kuyatsanso. Malawi yemweyo! Mwala wa malire anaupeza m'munda wa mbatata, mapazi makumi anayi kumbuyo kwake.

Ndiye makina alibetu chibale. Akangodina, ku boma adziwa kuti chuma cha Mozambiki chikugayira dziko lina, ndipo chigayocho adzalanda. Isménia anachita mantha, anapsanso mtima. Munthu wamkulu ndithu kumanga osayang'ana malire?

A Quintino anangoseka. Anati munda ndi umodzi womwewo, khasu silidziwa malire. Anati nthawi ya nkhondo banja linathawira pomwepo, ndipo mtendere utabwera mu 1992 anangosuntha nyumba, munda n'kuusiya momwe unalili. Koma ataona nkhope ya mwana wa mlongo wawo, kuseka kunathera m'kamwa.

"Ukaime paseri pa mwalawo, udine pamenepo," anatero motsitsa mawu. "Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine, amalume. Ndipo tsiku lina kudzabwera wina amene simunamulere."

Injini inali kungogunda. Kenako a Quintino anafunsa kuti lero ndi lachingati. Linali Lachiwiri. Analowa mkati n'kuzimitsa chigayo, amayi aja akudandaula, natuma antchito kukabwereka ngolo ndi ng'ombe.

Isménia anaika tabuleti m'chikwama n'kugwira nawo sipanala. Masiku awiri athunthu anali pa kalikiliki, kumasula zitsulo ndi kuzula malata. Lachinayi madzulo injini inakwera ngolo, pamalopo n'kungotsala simenti yokhayokha yodetsedwa ndi mafuta.

A Quintino sanatsatire ngoloyo. Anagwada n'kusesa simentiyo ndi chikhatho.

"Sunandifunse chifukwa chake ndinamanga pano," anatero osamuyang'ana. "Apa panali chisakasa chathu. Unabadwira pano, ndipo mchombo wako mayi ako anaukwirira pansi apa. Ndinkafuna kuti ndizikhala nawo pafupi."

Lachisanu Isménia anaima pamalo atsopano a chigayo, mbali ya Mozambiki, n'kudina batani. Kadontho kanagwera pamalo oyenera. Analira ngati mwana, amalume ake akumangitsa lamba wa injini.