Mpira wa Achimwene Jonas

Zakeyu anaumenyetsa mpira uja pathanthwe ndi mphamvu zake zonse. Unangoti phi! n'kugubudukira m'udzu ngati mbatata yaiwisi. Anautola, anaupukuta ndi nsalu yake, n'kuumenyetsanso. Sunafike ngakhale m'mawondo.

Chiperoni chinali chitakuta Thyolo yense sabata imeneyo. Mizere ya tiyi inkangothera m'nkhungu, ndipo anthu opita kokadulira ankadutsa atapinda manja m'khwapa, mano ali gwegwegwe.

"A Zakeyu, mpaka lero mukulimbanabe ndi kamwala kanuko?" anafunsa Lackson, mnzake wa pantchito, mbadwa ya konkuno, munthu wosasunga mawu m'kamwa. "Dziko lino limakoka zinthu pansi, ankolo. Onani mmene latikokera ife misana. Ndiye likalekere kampira?"

Zakeyu sanaseke. Akanaseka bwanji, mpirawo uli mpweya wa mkulu wake?

Kwawo kunali kutsidya kwa Ruo, kuchigwa kotentha kumene dothi limauma n'kuchita gwa ngati mphika. Kumeneko Jonas, mkulu wakeyo, ndiye anali katswiri woumba mipira. Ankatema zingwe za m'thengo, utomoni wake n'kudzipaka pamikono, ukauma n'kumaukulunga pang'onopang'ono mpaka utakwana dzanja. Madzulo anyamata ankaima bwalo akuwomba m'manja, wina n'kuumenyetsa pansi, onse n'kulumpha kuulimbirana m'mwamba. Koma mpira wa Jonas, abale inu! Unkakwera kupitirira denga la nkhokwe n'kukhala ngati waima kaye kumwambako kuti usankhe woti auwakhe.

Apwitikizi atayamba kugwira amuna m'midzi kukawagwiritsa ntchito ya kalavulagaga, Zakeyu ndi mkazi wake Teleza anathawa. Jonas anatsala, pakuti mayi awo okalamba sakanatha ulendo. Pa doko anamufumbatitsa mng'ono wake mpirawo akuseka, monga ankachitira ndi chilichonse.

"Tenga. Ukamanjanja udziwe kuti ndikupuma. Ukadzaleka, ukamete."

Mwina zinali nthabwala chabe. Koma mawu a munthu amene wasiyana naye pamtsinje sakhala nthabwala ayi. Anafika pa esiteti m'nyengo ya dzuwa, ndipo m'mawa uliwonse, lipenga la kapitawo lisanalire, Zakeyu ankaumenyetsa mpirawo pathanthwe kuseri kwa nyumba. Unkadumpha mpaka pamutu, iye n'kuti, "Mwadzuka bwanji achimwene," n'kunyamula khasu. Mvula inabwera n'kupita, mwana wawo Rhoda anabadwa, Jonas akuyankhabe. Ndiye kunagwa chisanu chawo choyamba cha kumapiri, mpira n'kuyamba kufooka tsiku ndi tsiku ngati munthu wodwala. Tsopano unali utaumiratu.

Analowa m'nyumba n'kuuika pamphasa.

"Mayi a Rhoda, achimwene atisiya."

Teleza anasiya kumanga mwana. "Wabwera ndi uthengawo ndani?"

"Suwo," anatero Zakeyu akuloza mpira uja.

"Bambo a Rhoda, maliro amanenedwa ndi munthu wa miyendo. Mukufuna timete chifukwa cha utomoni?"

"Anandiuza okha pakamwa pawo! Ndikaweruka ndikabwereka lumo kwa a Lackson. Mpirawu ndiukwirira pansi pa mkuyu, poti thupi lawo sindidzaliona. Chibale n'fupa, sichiola. Ndisawalire ine, awalire ndani?"

Anatenga chikwanje n'kutuluka.

Tsiku limenelo anadulira tiyi ngati munthu wobwerekedwa. Mtima unali kumudzi. Ankamva fungo la fumbi lotentha, phokoso la manja, ndi Jonas akukuwa ali m'malere kuti, "Lumpha, mphwanga, kodi wameza mwala?" Ankafunitsitsa kumuona, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale patali. Misozi inkasakanikirana ndi mawawa pankhope pake, ndipo zinamuthandiza, chifukwa kapitawo sanazindikire kanthu.

Ataweruka anabwerera ndi lumo m'manja, Lackson akumutsata mwakachetechete, nthabwala zonse zitamuthera. Pamphasa panalibe mpira.

"Uli kuti?"

Teleza anali atangofika kumene kuchokera kopalira, Rhoda ali kumsana. Anayang'ana pansi.

"Ndinaubisa. Kukwirira munthu wamoyo n'tsoka, ndinaopa ine."

"Bweretsani."

Mayiyo anawerama n'kumasula mbereko. Anali atautsekera m'menemo kuyambira m'mawa, pakati pa msana wake ndi mimba ya mwana. Pomutsitsa Rhoda, mpira unapulumuka, n'kugwera pamwala wa pakhomo.

Unanjanja. Unafika m'chiuno mwa Zakeyu, n'kubwereranso, n'kudumphanso, kenako n'kuthawira kuseri kwa nyumba ngati mwanapiye.

"Mayo ine!" anakuwa Teleza. "Ali moyo! Alamu ali moyo!"

Zakeyu anauthamangira. Unali wofunda ndi wofewa m'dzanja, ukununkha thukuta ndi mkaka. Anapita nawo pathanthwe paja n'kuumenyetsa, ndipo unakwera kupitirira mutu wake, n'kulowa m'nkhungu, n'kutsika. Anauwakha ali m'malere, munthu wamkulu ndi ndevu zake, akuseka ngati kamnyamata. Lackson anayamba kuwomba m'manja, nayenso Teleza, ndipo kwa kanthawi kochepa bwalo la kwawo linasamukira pakati pa tiyi.

Koma mphepo ya chiperoni sinaleke kuwomba. Ankati akaumenya, mpira uja n'kumabwera mofupikirapo. Pamutu, paphewa, m'chiuno. Atatopa anauika pathanthwe kuti apume, ndipo pomadzautolanso unali wozizira, wouma ngati poyamba. Phi!

Manja analeka kuwomba.

Zakeyu anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaulowetsa m'khwapa, n'kukhala pansi, n'kudikira. Atautulutsa unanjanjanso.

"Ndiye kuti ndi chisanu basi," anatero Lackson motsitsa mawu. "Ukumva kuzizira ngati ife tomwe."

"Eya," anayankha Zakeyu. "Ndi chisanu."

"Nanga simukondwa bwanji, bambo a Rhoda?" anafunsa Teleza. "Alamu sanamwalire."

"Mwadziwa bwanji?" Anaugubuduza mpirawo m'manja. "Uwu sudziwa kanthu, mayi a Rhoda. Ukafunda umadumpha, ukazizira umagona. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulonjera dzuwa. Achimwene kaya ali moyo, kaya anawagwira, kaya anapita kalekale tsiku lomwe tinawoloka lija, ine sindikudziwa."

Zimenezi zinamuwawa kuposa maliro aja. M'mawa anali ndi m'bale woti amulire. Tsopano analibe womulira, analibenso womulonjera, koma mtunda wokhawokha ndi mtsinje pakati.

Anamubwezera Lackson lumo lake. Mnzakeyo analandira ndi manja awiri, n'kuchoka.

Kutacha, chiperoni chinali chikadalipo. Teleza akubereka mwana, anaona mwamuna wake ataima pakhomo, mpira uli m'manja, akuzengereza ngati mlendo wopempha madzi.

"Mundisungireko kumsanako," anatero. "Ndidzawalonjera ndikaweruka."

Teleza anaulandira. Anamasula mbereko pang'ono, anauika mpirawo pamalo pake paja, n'kumanga mfundo molimba kuti mphepo isalowe.