Kambale ka Mchere

Zaka zomwe ndalama za mkuwa zinkaliza wayilesi m'nyumba iliyonse ku komboni ya kumigodi ya Chimwemwe, Jenala ankakhala ngati munthu woyenda kutulo. Mlamu wake anali atamwalira ndi khansa ya chiwindi, mimba itatupa ngati ng'oma. Pamaliropo Salome, namwino wa mumpingo mwawo, anamuuza kuti madokotala akukayikira kachilombo kobisala m'magazi, ndipo nthendayo imakonda amuna. Ananenanso kuti akazi ali ndi yawo, ya khomo la chiberekero, koma apo n'kuti makutu a Jenala atatseka kale. Mtima wake wonse unali pa Manasseh, mwamuna wake, yemwe ankamukonda mpaka anzake kumuseka.

Basitu bambo wa anthu anasanduka dzira. Akaweruka kumgodi, mkazi ankamusuzumira m'maso kuona ngati mwachita chikasu, n'kumudinadina pamimba monga wosankha papaya pamsika. Masana Jenala ankawodzera pakhonde, utsi wa kumgodi ukuyandama pamwamba pa malata, n'kumalota Manasseh akutsika mumgodi m'chikepe chosafika pansi, iye akuitana koma mawu osatuluka. Akadzidzimuka ankapeza chitenje chathimbirira magazi. Ankachichapa mwakachetechete, n'kumati ndi za akazi, zisiya zokha.

Mwambo wa kwawo ku Katete sanautaye. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa mwamuna. Choncho ankaika kambale ka mchere pambali kuti Manasseh azidzithirira yekha. Mvula inayamba kambale kali pomwepo. Mango anapsa, anatha, kambale kali pomwepo.

Lamulungu lina atachoka kutchalitchi, Manasseh anatapa mchere, dzanja n'kuima m'malere. Anayang'ana kambaleko, kenako mikono ya mkazi wake, yomwe inali itatsala mafupa. Mantha anamugwira.

"Amake Leah, kodi mwezi wanuwu sukutha?"

Jenala anamwetulira ngati akadali m'maloto aja. Anati asade nkhawa, chachikulu n'chakuti maso ake ndi oyera ndipo mimba ndi yofewa.

"Inu mwakhala mukulondera chiwindi changa," anatero Manasseh. "Nanga inuyo akukulonderani ndani? Mailo, mawa lomweli, tiyenda ku chipatala, mukwai mkazi wanga."

"Koma simukudwala, atate ake Leah."

"Ee, ine sindikudwala."

Anabwezera mchere uja m'kambale. Ndiwo za tsikulo anadya zosathira, maso ali pa mkazi wake.