Mutu wa a Fabiano

Pa Nsaru nkhani inali m'kamwam'kamwa: ati a Gladson, ojambula zithunzi aja, adula mutu wa a Fabiano. Kumjigo ankanong'onezana, kuchigayo chimodzimodzi, akabaza pasiteji ndiye osanena. Komatu a Fabianowo anali moyo, mutu uli pakhosi, chipewa pamwamba. Wodulidwawo unali wa pachithunzi.

Zinayamba chonchi. A Gladson anagwira kamera ali Fomu 2, kakamera kosiyidwa ndi malume awo. Zaka khumi ndi ziwiri akhala akujambula maukwati, zinkhoswe ndi timitu ta paziphaso. Ndiye anthu akuno mukuwadziwa inu: munthu amaima njo ngati polo ya magetsi, dzanja m'chiuno, n'kumati, "Nsapato zioneke!" A Gladson zimenezi zinkawatopetsa. Iwo ankalakalaka chithunzi choti munthu akachiona aiwale kuti amapita kukagula sopo.

Tsiku lina anapeza a Fabiano, mlimi wachikulire wa kuseri kwa msika, akusoka fodya m'chigafa. Manja ali bii ndi utomoni, zikhadabo zong'ambika, kadzuwa kakudutsa m'maudzu n'kugwera pazala penipeni. Anapempha kujambula, a Fabiano anati, "Jambula, mwana wa a Lyton." Anajambula manja okha.

Chithunzicho anakachitsukitsa kutauni papepala lokhuthala ngati katoni, chachikulu ngati zenera, chakuda ndi choyera basi. Anthu ena okonza chionetsero cha zithunzi ku Lilongwe anachikonda. Anati chifike Lachisanu masana, pamodzi ndi kalata yosainidwa ndi mwini manjawo yovomera kuti chionetsedwe. Popanda kalatayo, chithunzi sichilowa. Podikira, a Gladson anachipachika m'shopu ya mayi Anifa poti kwawo denga limadontha. Apo ndiye analakwitsa.

"Inki inawathera eti?" anafunsa mayi wina wogula mchere.

"Inkiyo ilekeni. Mutu uli kuti?"

"Ndi nsapato zomwe palibe. Munthu ameneyu akufuna kutani nazo ziwalo za anzake?"

A Gladson anafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Anati taonani mizere ya m'manjamu, taonani kuwalaku, moyo wonse wa munthu uli pazalapa. Anthu ankangogwedeza mitu mwaulemu, n'kukafika panja, "Mwamva? Akuti moyo wa munthu auika papepala."

Lachitatu ananyamula kalata ija kupita kwa a Fabiano. Akazi awo, a Victoria, anayala mphasa koma nkhope ili ndwii.

"Bambo, musamvere za anthu. Ine si mfiti," anayamba a Gladson.

"Ufiti iwe? Ndakuona ukukwawa wopanda kabudula," anatero a Fabiano. "Nkhani si imeneyo. Unandiuza kuti ndisambe?"

"Ayi, bambo, chifukwa kukoma kwake n'komweko."

"Kukoma kwa litsiro?" a Victoria analowerera. "Azimayi a kumphakati akundifunsa ngati sopo anatha pakhomo pano. Munthuyu ali ndi jekete, ali ndi tayi. Inu n'kusankha zikhadabo!"

"Ndiye ukatengere manja anga kutauni," anapitiriza a Fabiano, "mabwana akaone litsiro koma mwini wake osamudziwa? Manyazi ndi anga, dzina palibe. Ndibwera Lachisanu kushopuko, tikakonze."

A Gladson anabwerera kalata ili yosasaina, akupalasa njinga ngati yawalakwira.

Lachisanu m'mawa a Fabiano anatulukira m'shopu muja. Inu! Jekete yabuluu, tayi yofiira, nsapato zopolisha, manja atakwechedwa ndi mwala n'kudzoledwa mafuta mpaka kunyezimira ngati mandasi. Kumbuyo kwawo kunali kagulu ka anthu ofuna kuona mapeto ake.

Anatambasula manja aja. "Jambulanso. Uyambire kumutu, utsike mpaka pansi."

"Bambo, nthawi yotsukitsa china palibe. Komanso akutauniwo asankha ichi, osati cha tayi."

"Ndiye kuti akutauniwo sadziwa zithunzi."

Anthu anaseka. A Gladson anamva kutentha m'makutu. Zaka zonsezi akujambula nsapato za anthu, lero apeza chithunzi chimodzi chawochawo, chikanike chifukwa cha bolopeni? Anagwada pang'ono.

"Chonde, bambo. Tangosainani."

A Fabiano anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino. Chitsitse pakauntala ndichione bwino. Pita ukatenge chokulungira, ndisaina."

Mtima wa a Gladson unagwa pansi. Anathamangira kuseri kukafuna katoni yoyera ndi chingwe, anadutsanso pasiteji kuuza kondakitala kuti awasungire mpando wakutsogolo kuti chithunzi chisapindike. Akubwerera anamva anthu akuwomba m'manja m'shopu, wina mpaka nthungululu.

Atalowa anapeza mayi Anifa atagwira pakamwa.

"Achimwene, ine ndimayesa akufuna kumata nsapato," anatero mayiwo, akuloza kachubu ka guluu kali pakauntala.

A Fabiano anali atatulutsa m'chikwama kachithunzi kawo ka pachiphaso cha kalabu ya fodya, kamene a Gladson omwewo anajambula chaka chatha. Kamutu kakang'ono ngati bokosi la machesi, maso ali tong'o, kumbuyo kuli nsalu yofiira. Anakamata pamwamba pa manja aja, pomwe kadzuwa kaja kamalowera. Guluu wake uja wogwira nthawi yomweyo, woti ukamatula pepala limatsatira.

"Mutu wabwerera!" anakuwa wina. "Tsopano ndiye chithunzi!"

"Nsapato zatsala, koma tikukhululukira," anatero a Fabiano. Anakoka kalata ija, anasaina pang'onopang'ono dzina lonse, n'kuipereka ndi manja awiri. "Kawauze mabwanawo kuti manjawa ali ndi mwini wake."

A Gladson analandira kalatayo. Anayesa kukanda m'mbali mwa kachithunziko ndi chikhadabo, pepala linayamba kutukuka, anasiya. Kudzanja lamanja kalata yosainidwa bwinobwino, kumanzere chithunzi cha moyo wawo chili ndi kamutu ka tong'o pamwamba. A Fabiano ali mwee, akuwongola tayi.

Panja minibasi inaliza hutala. "Tauni! Tauni! A zithunzi, mukupita kapena tipatse wina mpandowu?"

Mayi Anifa anali atayamba kale kukulunga chithunzicho m'katoni. Anthu onse maso ali pa a Gladson.

Kodi mukanakhala inu, mukanakwera nacho, kapena mukanauza kondakitala kuti azipita?