Phulusa ndi Mandimu

Mayi ena ogulitsa kaunjika ankadandaula kwa aliyense kuti mwana wawo wamkazi ali nawo ngongole, ngongole yake ya chithunzi. Chaka chachitatu tsopano akumupempha chithunzi chimodzi chokha, chomwetulira, choti apachike pabalaza. Zomwe mwanayo ankabweretsa zinali za milomo yomata ngati wamwa mankhwala owawa.

"Ndinakubala ndi pakamwa pomwe, iwe. Ukubisa chiyani, golide?"

Koma chobisikacho ankachidziwa bwino. Mano a mtsikanayo anali achikasu, awiri akutsogolo ali ndi mawanga ngati dzimbiri la pamalata. Chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi ankati ndi uve basi. M'mawa ankamugwira chibwano pakhonde, ana a aneba akuonerera, n'kumukwecha ndi phulusa mpaka nkhama kutuluka magazi. Atakula anamuphunzitsa za mandimu ndi soda. Mtsikana anamvera zonse. Kushopu komwe ankasoka zovala anzake anam'patsa dzina loti Chete, poti ankayankha makasitomala ataphimba pakamwa ndi nsalu.

Tsiku lina m'mawa mayi anamupeza kukhitchini misozi ili chuchuchu, kapu ili m'manja. Madzi ozizira okha ankamulasa m'mano ngati singano. Sabata yonse ankangodya monyomola, osauza munthu.

"Vala nsapato. Ine sindiika maliro a munthu wofa ndi madzi akumwa."

Kuchipatala cha mano anakhala pabenchi mpaka mayi kukangana ndi mlonda kawiri. Dokotala anali mzimayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Anagoneka mtsikana pampando, n'kuyamba kuunika m'kamwa ndi kagalasi. Mayi sanadikire kufunsidwa.

"Adokotala, ndikuuzeni ine. Ndi ulesi. Ndakwecha, ndatopa. Mungom'patsa mankhwala amphamvu, koma otchipa."

"Mumakwecha ndi chiyani, mayi?"

"Phulusa, mandimu, soda. Palibe chomwe ndinasiya."

"Zikuoneka kuti simunasiyedi." Dokotala anavula magalasi. "Ali wamng'ono ankamwa madzi a kuti?"

Anali a pamjigo wakuseri kwa nyumba yakale ya lendi. Mayi ankaukumbukira bwino mjigowo, poti ankalawirira kukalimbirana mzere kuti mwana wawo asamwe za pachitsime zotsegula m'mimba zija.

Dokotala anafotokoza mosathamanga. Madzi ena apansi, anatero, amakhala ndi mchere wina wochuluka, wosamveka palilime, umene umalowa m'mano a mwana asanamere n'komwe. Mawangawo ali mkati, si litsiro. Chikasu cha tiyi kapena fodya chimakhala pamwamba, ndipo akachitsuka kuchipatala chimachoka. Koma dzino ndi loyera kunja kokha, mkati mwake ndi mwachikasu. Phulusa limapala kunjako, mandimu amasungunula. Ukalimbikira kukwecha ndi pomwe chikasu chimaonekera kwambiri, ndipo chomwe chapalidwa sichimeranso.

Mayi anayang'ana manja awo. Pamsika manja amenewo ankazindikira nsalu yofwifwa asanaitambasule n'komwe.

"Ndiye mukuti ndine?"

"Za madzizo simukanadziwa. Koma phulusalo lilekeke lero."

Dokotala anamulembera mtsikana mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano onyerenyetsa, kawiri pa tsiku, mosakanikiza. Akamwa tiyi azichukucha ndi madzi. Mawanga, anati, atha kuwaphimba ndi zomatira zoyera nkhama zikapola. Apa mayi mawu anabwerera.

"Awiri akutsogolo okhawo. Akumbuyowa amawaona ndani, chakudya?"

"Anayi, mayi. Munthu akamaseka saonetsa awiri ngati mbewa."

"Atatu."

"Amayi, si masiketi awa," anatero mtsikana ali chigonere, thonje lili m'kamwa. Dokotala anaseka. Anagwirizana anayi, mwezi wamawa.

Pobwerera anayenda wapansi. Mayi anali patsogolo monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno sankalalatira apanjinga. Anadutsa pogulitsa makala, anadutsa pometera tsitsi. Atafika pakhomo pa wojambula zithunzi anaima mwadzidzidzi, mtsikana kutsala pang'ono kuwagunda.

"Tamvera. Uve sunali wako." Ankalankhula akuyang'ana msewu. "Ndinakutukwana pamaso pa anthu, ndinakupweteka nkhama. Ndinalakwa. Wamva? Chifukwa sindinenanso kachiwiri."

"Ndamva, amayi."

Mtsikana anapukuta m'maso ndi msana wa dzanja. Mayi anamusiya apukute, akuwerenga mumtima mpaka pomwe anaona kuti zakwana.

"Ndiye poti wojambula ndi uyu, chithunzi changa chija?"

"Ayi."

"Akakumata manowo?"

"Ngakhale amate. Ndidzajambulitsa tsiku lomwe ndidzafune ine, osati loti mwanena inu."

Mayi anatsegula pakamwa. Pamsika kasitomala akati ayi, iwo m'pamene ankayambira, ndipo palibe anachokapo chimanjamanja. Anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukonza chikwama paphewa.

"Chabwino. Tiye tikagule mswachiwo asanatseke."