Buluu Amene Azakhali Anatuma

"Kulibe dzuwa? Usandiseketse iwe. Ndiye zovala amayanika pa chiyani?"

"Zakhali, ndikunena zoona. Kumwamba kwangoti mbuu ngati phulusa. Chifikireni sindinachionepo chithunzithunzi changa."

"Chithunzithunzi sindinakutume ine, ndakutuma buluu. Ukasayinira wolakwika, ahedi atibwezera mayunifolomu onse, ndipo atelala anga khumi ndi awiri azidzadya kwanu."

Foni inaduka.

Kushopu yosokera zovala ya azakhali akewo ankamutcha Maso. Nsalu ikabwera, iye ankaima nayo pakhomo dzuwa lili paliwombo, n'kugamula kuti iyi yafanana, iyi ayi, ndipo sankaphonya. Chaka chino sukulu zisanu zinapatsa shopuyo ntchito, koma ahedi onse ananenetsa chinthu chimodzi: buluu wathu yemwe uja, osati wina. Azakhali anamufumbatitsa kansalu kokwana m'chikhatho, n'kumukweza ndege koyamba m'moyo wake, kupita kudziko kumene nsaluyo imapangidwa.

Tulo take tinatsalira m'ndege. M'misewu ankayenda ngati ali pansi pa madzi. Anthu ankadutsana osapatsana moni, aliyense akutuluka nthunzi m'kamwa ngati ketulo. Mitengo inaima yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma palibe ankaidandaula. Chitseko cha hotela chinamutsekukira chokha, iye n'kuchithokoza, kenako n'kucheuka kuti aone ngati wina wamva.

Kufakitale, mtsikana womasulira anamulowetsa m'chipinda chopanda windo. Patebulo panali bokosi lalikulu la magetsi, ndipo pambali pake panaima mkulu wonyika nsalu, bambo wa imvi, zikhadabo zake zitadera utoto.

"Akuti masana ali umu," anatero womasulira. Mkulu uja anadina batani, m'bokosi n'kuwala. Anadina lina, m'bokosimo n'kukhala madzulo.

Maso anaganiza kuti anthuwa ndi ochenjera: dzuwa analitsekera m'bokosi, n'chifukwa chake kunja kulibe.

Anamuyalira tinsalu makumi atatu, tonse tabuluu, kalikonse ndi nambala yake. Iye anayendetsa kansalu kake pamwamba pa tonseto, kuchoka koyamba kukafika kotsiriza, n'kubwereranso. Wina anali wakuda kwambiri, wina wopita kobiriwira, wina wowala ngati pepala la switi. Miyendo inachita zimene inazolowera: anatola tinsalu tingapo n'kulunjika kukhomo.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Kudzuwa."

Panja anapezapo phulusa lomwe lija, ndi mbalame imodzi yonyowa itakhala pawaya. Anabwerera mwakachetechete.

Mkulu uja anatambasula dzanja, Maso n'kumupatsa kansalu ka azakhali kaja. Anakanunkhiza kansaluko, anakatikita ndi chala, kenako anaona kuti mbali imodzi kali ndi mpendero. Anatulutsa kampeni m'thumba, n'kumasula ulusi umodziumodzi. Mkati mwa mpenderomo munali buluu wina, wakuya, wonga sanaonepo kunja. Anamuika pa nambala seveni, ndipo ziwirizo zinangosanduka nsalu imodzi.

Apa m'pamene Maso anakumbukira kumene kansaluko kanachokera. Azakhali anakadula kudiresi la sukulu la chitsirizira wawo, lomwe linavalidwa zaka zitatu, kuchapidwa Loweruka lililonse, n'kumatandala pachingwe mpaka madzulo. Anaona m'maganizo ana onse aja ali pamzere m'mawa, mapewa awo atasuluka mofanana. Buluu amene ahedi ankamudziwa, amene makolo ankalumbirira, sanatulukepo m'fakitale ina iliyonse.

Womasulira anamusendezera pepala ndi cholembera. Maso anawerengera. Akasayinira seveni, ahedi adzangoona kamodzi n'kunena kuti wakuda uyu si wathu. Akasankha wotuwirako kuti ahediwo akondwe tsiku loyamba, pofika teremu yachitatu ana adzakhala atavala zoyera ngati anamwino. Uku atelala khumi ndi awiri, uku atelala omwewo.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anadziwa kuti ndi azakhali, sanaitulutse.

Mkulu uja anayankhula motalika, akuloza mkati mwa mpendero, kenako kunja kwake. Womasulira anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutsokomola pang'ono.

"Akuti wam'katiyu ndi wawo, angakupangireni ngakhale mawa. Wakunjayu akuti si ntchito yawo, anamupanga ndi wina, ndipo anatenga zaka zitatu." Anaima kaye, n'kuyang'ana kachikwama ka Maso kamene kanali pansi. "Ndiye akufunsa kuti, dzuwa lanulo mwabwera nalo?"