Khutu Lamanzere la Nakolala

Dengu linafika pa makina a Nakolala litadzaza kale ndi mafoni. Pamwamba panali foni ya mnzake Wamabatani yosweka galasi, yomwe ankamvererapo nyimbo zakwaya tsiku lonse, ndi kasipika ka bambo wodula nsalu, kamene mwiniwake anakaponyamo ngati akuponya dothi m'manda.

"Amayi, yanu," anatero kapitawo akugwedeza dengulo.

Nakolala, yemwe dzinali analipata chifukwa chosoka makolala okhaokha, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kafoni kamabatani komangidwa ndi mphira. Anakaika m'dengumo mwaulemu, ndi manja awiri. Kafoniko kanafa kalekale, ndipo m'chipindamo aliyense ankadziwa zimenezi kupatula kapitawo yekha.

"Mukasamale, bwana," anatero. "N'kachikale, sikapezekanso m'masitolo."

Wamabatani, yemwe makina ake anali pambali pomwepo, anatsokomola pofuna kubisa kuseka.

Kapitawoyo anali mkamwini wa mwini kafakitale kosoka mayunifomu a sukulu kameneka. Anali atangoyamba kumene, ndipo kunena zoona lamulo lakelo silinachokere pa nkhanza. Masiku am'mbuyomo mtsikana wina anadzisoka chala akuonera kanema pafoni. Singano inalowera pachikhadabo n'kutulukira kunsi, ndipo kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Basi lamulo linagwa: foni izilowa m'dengu m'mawa, mwiniwake aziiona poweruka. Wopezeka nayo, ntchito yatha.

"Nkhuyu zodya mwana zapota akulu," anang'ung'udza Wamabatani kapitawo atatembenuka. "Koma iwe Nakolala, ukagwidwa ine sindikukudziwa."

"Soka mabatani ako."

Foni yeniyeni ya Nakolala inali pachifuwa, m'kati mwa bulauzi, italumikizidwa ku kapawabanki. M'khutu lamanzere, pansi pa duku, munali kahedifoni kopanda waya, kakang'ono ngati nyemba. Anamugulira ndi mwana wake wamkazi yemwe anakwatiwa kutali, amenenso ankamuikira bandulo mwezi ndi mwezi. Pa katundu yense wa m'nyumba mwake panalibe chimene Nakolala ankachikonda kuposa kanthu kameneka. Sankamvererapo nyimbo ayi. Ankamvetsera amuna ake.

Amuna akewo anali adalaivala a malole mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa n'kuwapha ziwalo mbali yakumanja. Lilime nalo linalemera. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena n'kubwerera pakhosi. Poyamba Nakolala ankangowasiyira madzi ndi chakudya pambali pa bedi n'kupita kuntchito, mpaka tsiku lina poweruka anawapeza ali pansi pakhomo la bafa. Anali atagona pasimenti kuyambira m'mawa, atadzinyowetsa, akulira mopanda mawu. Chiyambireni tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Nakolala ankaimbira foni ya amuna ake, kuiyankha yekha, kuitsamiritsa ku botolo la madzi pakatebulo, n'kutuluka foni ili chiyankhire. Akamva chinthu chagwa kapena kupuma kwasintha, ankathamangira kuchimbudzi n'kukaimbira aneba omwe ankasunga kiyi.

Adalaivala nawo, monga ankawatchulira akafuna kuwaseka, ankamva zonse za kufakitale: kulira kwa makina, miseche ya azimayi, nthabwala za Wamabatani. Nthawi zina Nakolala ankamva kuseka kwawo kodukaduka m'khutu, n'kunong'ona kuti, "Inu Adalaivala, nkhani za azimayi mukuzifuna chiyani?" Tsiku linkatha choncho, ali awiri.

Chinyengo cha kafoni kakufa chinayenda bwinobwino kwa kanthawi. Chinaululika tsiku lina dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, pomwe kapitawo anaimitsa makina onse kuti afotokoze za oda yatsopano. Anaima pakati pa chipinda atanyamula shati, akulongosola za kukula kwa matumba, ndipo onse anali chete. M'khutu mwa Nakolala bedi linalira. Kenako kunamveka ndodo ikukwekwereza pansi, phazi lolemera likutsatira. Phokoso limenelo analidziwa. Adalaivala ankayesa kudzuka okha.

"Abambo, siyani ndodoyo!" anakuwa. "Khalani pabedi, aneba akubwera!"

Shati inatsika m'manja mwa kapitawo. Azimayi onse anayang'ana pansi ngati ataya singano nthawi imodzi.

"Mukulankhula ndi ndani, amayi?"

"Amapemphera, bwana," analowererapo Wamabatani. "Zikawagwira sasankha nthawi."

"Pempherolo lili ndi aneba?" Kapitawo anasendera pafupi. "Vulani duku."

"Duku langa amandivula ndi amuna anga okha," anayankha Nakolala. M'khutu bedi linaliranso, ndipo anadziwa kuti akhala pansi. Mtima utatsika pang'ono, anakweza yekha m'mphepete mwa duku n'kuonetsa khutu. "Mukufuna ichi? Ndi ichi."

Anafotokoza zonse mosazungulira: sitiroko, simenti ya kubafa, foni yotsamira ku botolo. Kapitawo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo nkhope yake inafewa ndithu. Anakanda kumutu.

"Pepani ndi matendawo, amayi. Koma ndikakulolani inu, mawa uyu abwera ndi agogo ake, uyo ndi mwana wodwala mano. Singano ikakulowani chala, apongozi anga adzafunsa ine. Tichite chonchi: pa buleki muzibwera kudzatenga foni, muziwaimbira."

"Munthu amadikira buleki kuti agwe?"

"Ndiye pezani wowasamalira."

"Ndimutole pamsewu? Aneba ali ndi ana awo ndi geni yawo. Amabwera ndikawaitana, ndipo ndimawaitana ndikamva." Nakolala anadzigwira khutu. "Bwana, ine ndayamba kusoka makolala pano inu musanafunsire mbeta m'nyumba ya abwana. Maso ndinakupatsani, manja ndinakupatsani, msana uwu unapindikira pampando wanuwu. Khutu limodzi ili lokha ndi langa."

Wina kumbuyo anati "eee" chapansipansi. Kapitawo anamva, ndipo apa m'pamene zinaipira. Mnyamata woti wangopatsidwa kumene mpando, kum'kumbutsa za umbeta pamaso pa azimayi onsewo, kunali kum'yika pakona. Anapita kukatenga dengu n'kulikhazika pa makina a Nakolala, pamwamba pa makolala.

"Lamulo silisankha nkhope. M'dengu, kapena pakhomo. Sankhani."

"Bwana," anatero Wamabatani, nthabwala zitamuthera, "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Inunso mukufuna kuwaperekeza?"

Wamabatani anaweramira pa makina ake. Nayenso anali ndi ana akudya.

Nakolala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'khutu munamveka zachilendo. Kupuma kwa Adalaivala kunayandikira foni, kolemera, kwa munthu amene akudzikoka. Botolo linagwa n'kugubuduka. Zala zinakwekwesa pafoni, kuphonya, kukwekwesanso.

"Ntchi... ntchito," anatero mawu aja, movutikira. "Gwi... ra."

Foni inaduka.

Nakolala anaima chilili. Anaiwala kuti amuna ake anamva zonse, mawu aliwonse a kapitawo. Munthu woti supuni imamugwa m'manja anali atadzikoka mpaka kumapeto kwa bedi, n'kutambasula dzanja lamanzere, kuti adule yekha foni. Chidwalireni anali asanaikhudzepo.

Anapisa m'bulauzi pamaso pa aliyense, n'kusolola foni pamodzi ndi pawabanki yake ikulendewera. Anaimba. Inalira kamodzi n'kudulidwa. Anaimbanso. Inadulidwanso.

"Adula okha?" anafunsa Wamabatani monong'ona. "Achemwali, akukupulumutsa amuna akowo. Ika m'dengumo. Ntchito ikatha mankhwala awo achokera kuti?"

Anali kunena zoona, ndipo Nakolala anadziwa. Anachotsa kahedifoni m'khutu n'kukaika pachikhatho. Dengu linali pomwepo, pansi pa dzanja lake. Kungopendeketsa dzanja basi, nkhani ikanatha, makina akanaliranso, kapitawo akanapitiriza za matumba ake. Koma khutu lija linali zii, ndipo m'kachetechete ameneyo anaona simenti ya kubafa. Anachita mantha, kenako mantha aja anasanduka ukali. Anakwiyira kapitawo, anakwiyira dengu, ndipo koposa onse anakwiyira mwamuna woti wasankha kugwa yekhayekha osamveka, n'cholinga choti mkazi wake azisoka makolala a ana a eni.

Anafumbata dzanja n'kuimbira aneba.

"Aneba, pepani ndakusokonezani. Tatengani kiyi mulowe kwathuko. Muone ngati sanagwe." Anadikira, chipinda chonse chikudikira naye. "Ali pabedi? Chabwino. Ndiye muwauze Adalaivala kuti akapanda kuyankha foni yanga, ndikunyamuka pompano wapansi, ndipo ntchito imene akuiteteza ithabe. Muwauze momwemo, musachotseko."

Anaimbanso foni ya amuna ake. Ulendo uno inayankhidwa. Anamva aneba akuimika botolo, akutsamiritsa foni, akuseka chapansipansi. Pambuyo pake kunamveka kupuma kuja.

Nakolala anabwezera kahedifoni m'khutu. Anamasula duku, n'kulimanganso modutsa kuseri kwa khutu kuti kanthuko kazioneka kwa aliyense wofuna kukaona. Anachotsa dengu pa makina n'kuliika pansi, anakhala pampando, anatenga kolala n'kuponda. Makina ake okha ndiwo ankalira m'chipinda chonsecho.

"Amayi," anatero kapitawo.

"Ndikusoka, bwana. Mukandilankhula singano indilowa."

"Mwasankha pakhomo."

"Ine sindinasankhe chilichonse. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ngati zikukupwetekani inuyo, tsegulani nokha."

Kapitawo anayang'ana azimayi aja, iwo n'kumuyang'ananso. Mwina mumtima ankafuna kuti wina amupatse njira yothawira, koma palibe anamupatsa. Anayenda mpaka kukhoma n'kuzula pulagi ya makina a Nakolala. Singano inaima pakati pa kolala.

Nakolala sanadzuke. Anagwira gudumu la makina n'kuyamba kulipukusa ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka msoko unafika kumapeto. Anadula ulusi, anatembenuza kolalayo, anakonza nsonga zake ndi chikhadabo, n'kuiika pamulu wa zinzake. Atatero anatenga sizasi yake, kapu yake ndi kapilo kamene ankakhalira, n'kulonga m'chikwama.

"Nakolala..." anayamba Wamabatani, maso atafiira.

"Usandilire ndili moyo. Soka mabatani ako, ana a eni angapite kusukulu zifuwa zili pamtunda."

Anatuluka mutu uli m'mwamba, osacheuka. Anadutsa pageti, anapatsa moni alonda monga mwa masiku onse, anawoloka msewu. Mphamvu zinamuthera atangokhota pakona pomwe a kufakitale sakanamuonanso. Ntchito inali itathadi, ndipo pa msinkhu wake sankadziwa khomo lina loti akagogode.

"Pe... pa," anatero mawu m'khutu.

"Pepa wa chiyani? Wazula pulagi ndinu?"

"Ine... katu... ndu."

"Katundu ndi wa pamsika. Inu ndinu amuna anga, ndipo mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Kundidulira foni ine? Ngati kamtsikana kokufunsirani?" Anameza malovu. "Mukadzachitanso ndidzakumangani dzanja limenelo kubedi. Mwamva?"

Kunamveka kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. Mwina zinali zonse ziwiri.

Nakolala ankafuna kulira, koma foni imene anaimenyera nkhondoyo inkamva chilichonse, ndipo Adalaivala akanamva misozi yake akanaisenza yonse okha. Anaima kuseri kwa sitolo ina yogulitsa matayala, anatulutsa foni, n'kufufuza kabatani kotseka mawu ake kuti asamveke mbali inayo. Chigulireni foniyo anali asanakadinepo. Anakadina.

Analira atatsamira khoma, chikwama atachikumbatira, mapewa akugwedezeka, anthu akudutsa n'kumamuyang'ana. M'khutu lamanzere amuna ake ankapuma bwinobwino, kulowa ndi kutuluka. Analira mpaka zinamukwana. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, anamina, anayesa mawu ake kawiri kuti aone ngati awongoka, n'kudinanso kabatani kaja.

"Netiweki inathawa," anatero. "Ndili pasiteji, basi ikubwera. Musadule."