Tsiku Limene Ansuino Anagwetsa Nsanja

Mlatho umene Ansuino Baldesi anamanga ku Roccalba unali wa uta umodzi wa miyala, wotalika mikono makumi asanu ndi iwiri, wopanda nsanamira pakati pa mtsinje. Mwala womaliza anauika pa 20 Seputembala 1468. Lamulo la bungwe la amisiri linali lakuti nsanja ya mitengo yochirikiza uta isachotsedwe mpaka patatha masiku makumi anayi, kuti njereza yomangira iume. Pa 13 Okutobala anali atadutsa masiku 23 okha, ndipo kumapiri mvula inali itagwa masiku atatu osakata.

Ansuino, amene kale anali wosula zokongoletsera zagolide, anayeza madzi m'mawa ndi masana, napeza kuti akwera mikono iwiri. Anadziwa kuti zigumula zikafika, mitengo yokokoloka idzakodwa pansanja, ndipo nsanjayo idzapita ndi mlatho womwe.

"Tikuchotsa nsanjayi lero," anauza amisiri.

Gualtieri, mkulu wa bungwe, anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi kuwerenga kwakuvutani, a Baldesi? Atsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri."

"Kauzeni mtsinjewo. Ine ndauuza, wakana."

"Njereza ikadali phala, bambo!"

"Mlathowu sunaime ndi njereza. Mwala uliwonse ukukankha unzake, basi."

"Tamvani anthuni, wosula ndolo za amayi akutiphunzitsa miyala!" Gualtieri anatembenukira amisiri. "Wokhudza chikhomo cha nsanjayi ngakhale chimodzi, dzina lake lichoka m'bungwe. Inunso a Baldesi, kumanga kwanu mumzinda muno kuthera pomwepo."

Amisiri anaika nyundo zawo pansi. Ansuino anatola imodzi n'kutsetserekera kunsi kwa uta, madzi akumufika m'mawondo. Nsanja inakhala pa zikhomo makumi awiri ndi zinayi, theka tsidya lino, theka tsidya lina, ndipo zinafunika kumasulidwa mofanana, apo ayi uta ukanapendama. Yekha sakanatha. Anaimirira pomwepo osaitana munthu.

Amene anatsika anali Meo, mmisiri wa imvi, wa zala zisanu ndi zitatu.

"Ndikaphwanyika, mukauze mayi akunyumba kuti ndinali ndisanamwe," anatero. "Sakakhulupirira, komabe mukawauze."

"Pitani tsidya ilo, achimwene. Ndikati 'imodzi', menyani kamodzi kokha."

Anamenya mosinthana kwa maola awiri. Pa chikhomo chachisanu ndi chinayi miyala inalira, fumbi la njereza n'kuwathothokera kumutu. Meo anatchula oyera mtima atatu, kenaka anatukwana. Ansuino anayang'ana chingwe chake choyezera: uta unali utatsika zala ziwiri, n'kuima.

"Imodzi!" anakuwa.

Kuwala kutaoneka pakati pa mitengo ndi miyala, kusonyeza kuti uta waima wokha, amisiri asanu ndi mmodzi anatsika ndi zingwe osayang'ana Gualtieri. Dzuwa lisanalowe, nsanja yonse inali pamtunda.

Zigumula zinafika mawa lake masana. Mtengo wathunthu wa mkuyu unadutsa pansi pa uta, mizu ili m'mwamba, osakhudza mwala.

Pa 16 Okutobala bungwe linafafaniza mayina asanu ndi atatu. Gualtieri anabwera yekha kudzalengeza chigamulocho, ndipo poti malo ena onse anali matope, anaima pamlatho pomwepo. Ansuino anali atagwada, akuyeza msoko wa mwala wapakati. Anamvetsera mpaka kumapeto osadzutsa mutu.

"Ndamva," anatero. "Tasunthani pang'ono, a Gualtieri. Mwaponda chingwe changa."